Mtima Ukalema, Tiyambire pa Thupi



Mkhristu mnzathu akagona ndi malungo, kapena akathyoka mwendo, mpingo wonse udziŵa chochita. Amayi a Chigwirizano atenga ufa ndi nkhuni, akulu a mpingo apita kukachititsa mapemphero, ndipo achinyamata akampalirira munda wake. Koma akadwala matenda a maganizo, anthu ambiri asoŵa pogwira. Odzazonda akhala pampando kanthaŵi kochepa, anena kuti "limbani mtima," apemphera, natuluka msanga, kumsiya mnzawo ali chigonere m'chipinda chotseka mazenera. A pabanja nawonso agaŵikana paŵiri. Ena ati msiyeni agone, musamvute. Ena ati ndi ulesi chabe, adzuke akagwire khasu monga anzake. Onse aŵiri amkonda wodwalayo, koma palibe amene wamthandiza.

Mwezi uno tifuna kunena za thandizo limene lili pafupi ndi banja lililonse ndipo silifuna ndalama, ndilo kufikira maganizo a munthu podzera m'thupi lake. Ku chipatala ntchito yotere ili m'manja mwa anthu amene tiwatcha a mafizo. Ambiri tiwadziŵa chifukwa cha ana opuwala ndi poliyo, amene bungwe la MAP linayamba kuwathandiza m'chaka cha 1979, kapena chifukwa cha mbale amene anafa ziŵalo napita ku Kachere mu Blantyre kukaphunziranso kuyenda. Maphunziro a digiri ya ntchitoyi anayamba kuno kwathu m'chaka cha 2010 ku College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti m'maiko ena a mafizo agwiranso ntchito pakati pa odwala maganizo. Ku Norway, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, mayi wa mafizo Aadel Bülow-Hansen ndi dokotala wa matenda a maganizo Trygve Braatøy anayamba kugwirira ntchito pamodzi ataona kuti munthu wosautsidwa mumtima aumitsa minofu yake ndi kuletsa mpweya wake, ndi kuti minofu ikamasuka, kaŵirikaŵiri misozi ndi mawu zimasukanso.

Izi sizidabwitsa munthu wolankhula Chicheŵa. Ife sitinena kuti maganizo anga ali ndi mantha. Tinena kuti nkhongono zazizira, mtima uli m'mwamba, kukhosi kwauma, m'mimba mwatentha. Makolo athu anaika chisoni ndi mantha m'ziŵalo za thupi chifukwa ndimo anazimva. Mpaka lero munthu wodwala matenda a kukhumudwa safika ku chipatala nanena kuti wakhumudwa. Adandaula za mutu wosaleka, msana, mapeŵa olemera, mtima wothamanga, ndi tulo tosabwera. Ayezedwa malungo, sapezeka nawo, apatsidwa panado, ndipo patapita masabata aŵiri abweranso. Tikanena za matenda a kukhumudwa sitinena za chisoni cha tsiku limodzi. Tinena za munthu amene kwa masabata 2 kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, wataya chikondwerero pa zonse zimene anali kuzikonda, sadya bwino, sagona bwino, ndipo adziona wachabechabe. Palinso matenda a nkhaŵa, pamene thupi likhala ngati likuthamangitsidwa ngakhale palibe chilombo. Palinso amene anaona zoopsa, monga abale athu a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe amene anapulumuka namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023. Ena a iwo, mvula ikangoyamba kugunda pa malata, thupi lonse linjenjemera iwo asanaganize kanthu.

Tisanapite kwa madokotala, titsegule Buku Lopatulika pa 1 Mafumu mutu 19, ndipo tikupemphani kuti muŵerenge mutu wonsewo pa mapemphero a pabanja. Eliya anali atangopambana pa phiri la Karimeli. Koma uthenga umodzi wa Yezebeli unamthaŵitsa kufikira ku Beereseba. Kumeneko anasiya mnyamata wake, chinthu chimene odwala maganizo achita kaŵirikaŵiri, kudzipatula kwa yemwe akanawathandiza. Analoŵa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi, nakhala pansi pa mtengo, napempha kuti afe. Sitifuna kunena kuti mneneriyo anadwala nthenda yakutiyakuti, pakuti ife sindife madokotala ake. Koma aliyense amene anakhalapo pafupi ndi munthu wotopa ndi moyo adzawazindikira mawu ake.

Tsono taonani dongosolo limene Mulungu anatsata. Sanayambe ndi ulaliki. Sanamdzudzule chifukwa cha kuchepa kwa chikhulupiriro, ngakhale munthuyo anali ataona moto ukutsika kumwamba masiku ochepa apitawo. Anamlola kugona. Mngelo anamkhudza, nampatsa mkate ndi madzi. Eliya anadya nagonanso, ndipo palibe anamuutsa ndi mawu akuti ulesi. Mngelo anabweranso kachiŵiri, namkhudzanso, namdyetsanso. Pambuyo pake panadza ulendo wapansi wa masiku 40 kufikira ku Horebu. Ndi kumeneko, thupi litapuma, litadya, litayenda, kumene Mulungu anamfunsa za mumtima mwake ndi kumlola kudandaula kaŵiri konse. Pomaliza anampatsa ntchito yoti achite ndi mnzake woti ayende naye, ndiye Elisa. Ife akulu a mpingo tikonda kulalikira za mawu aja a kayaziyazi a pa phiri. Tikhulupirira kuti mkate, tulo ndi ulendo ziyeneranso ulaliki wakewake, pakuti Mlengi wa thupi sanachite manyazi kuyambira pa thupi.

Nanga thupi ndi maganizo zikokana bwanji? Pamwamba pa impso zathu pali tiziŵalo tiŵiri tating'ono timene titulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol munthu akaona choopsa. Timadzi timeneti tithamangitsa mtima, tifulumizitsa mpweya ndi kuumitsa minofu, kuti munthu athe kuthaŵa kapena kulimbana. Zimenezi n'zabwino pokomana ndi njoka panjira. Koma ngongole siithaŵika ndi miyendo, ndipo mayeso samenyedwa ndi chibonga. Chotero thupi likhala lokonzekera nkhondo imene siibwera, usana ndi usiku, mpaka khosi ndi msana ziŵaŵa. Wodwala kukhumudwa agwa m'msampha wina. Popeza alibe mphamvu, aleka kutuluka. Popeza satuluka, thupi silitopa ndipo saona dzuŵa, tsono usiku tulo sitibwera. Usiku wopanda tulo ndiwo munda wa maganizo oipa. M'maŵa adzuka wofooka kuposa dzulo, ndipo chingwe chimangikanso. Kumuuza kuti aleke kuganiza n'kumlamula chinthu chimene sangathe. Koma kunyamula phazi angathe, ngakhale movutikira, ndipo chingwecho chiduka msanga pa phazi kusiyana ndi m'mutu.

Madokotala anayesa zimenezi mosamala. M'chaka cha 1999 James Blumenthal ndi anzake a pa yunivesite ya Duke ku America anafalitsa zimene anapeza pa anthu 156 a zaka 50 ndi kuposerapo, onse odwala kukhumudwa. Anawagaŵa patatu. Gulu loyamba linamwa mankhwala otchedwa sertraline. Lachiŵiri linali kuyenda mwandaŵala kapena kuthamanga pang'ono kwa mphindi 30, katatu pa sabata. Lachitatu linachita zonse ziŵiri. Akumwa mankhwala anayamba kupeza bwino msanga, koma pakutha kwa masabata 16 magulu onse atatu anali atachira mofanana. Ofufuzawo atawaonanso patapita miyezi 6, anapeza kuti mwa ochira a m'gulu la kuyenda, 8 okha mwa 100 alionse ndiwo anadwalanso, pamene m'gulu la mankhwala okha anali 38 mwa 100. Tisathamangire kunena kuti mankhwala ngopanda ntchito. Anthu aja anadzipereka okha ndipo anali okhoza kudzuka ndi kupita ku maseŵerawo, chimene wodwala kwambiri sangathe. Ndiponso sanali kuyenda yekhayekha. Anali pa gulu, ndi wowayang'anira amene anali kuwayembekezera pa tsiku lake. Ife tiganiza kuti mbali ina ya kuchira kwawo inachokera pamenepo.

M'chaka cha 2024 magazini ya madokotala ya BMJ ku Britain inasonkhanitsa pamodzi kafukufuku 218 wokhudza anthu oposa 14,000, ndipo inapeza kuti kuyenda, kuthamanga, kunyamula zolemera pofuna kulimbitsa minofu, yoga ndi kuvina zonse zichepetsa matenda a kukhumudwa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, m'malangizo ake a 2020 linati munthu wamkulu achite zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 kufikira 300 pa sabata, ndipo mwana wa zaka 5 kufikira 17 kwa mphindi 60 pa tsiku.

Apa tidziŵa kuti aŵerengi a kumudzi aseka. Mayi amene adzuka tambala woyamba, natunga madzi, nalima mpaka dzuŵa lifike pamutu, nasenza nkhuni, nasinja, nabereka mwana kumsana tsiku lonse, mphindi 150 zija azikwanitsa Lolemba lisanathe. Kodi tikamuuze kuti achite maseŵera olimbitsa thupi? Ndipo amayi otere adwala maganizo ndithu, makamaka atangobereka kumene. Funso limeneli n'lachilungamo, ndipo malangizo olembedwera anthu okhala m'maofesi ndi m'magalimoto sayenera kumezedwa osatafuna. Ofufuza ena anapeza kuti ntchito yakalavulagaga imene munthu aigwira mokakamizidwa ndi umphaŵi siithandiza maganizo monga muthandizira kuyenda kapena kuseŵera kumene munthu wakusankha yekha. Khasu la nkhaŵa, limene mwini wake alima akuŵerengera mtengo wa feteleza, litopetsa thupi osapumitsa mtima. Kwa mayi wotere thandizo la thupi liyambira pamene Eliya anayambira: agone, adye, wina amlandire mwana ndi mtolo kwa maola angapo. Pamenepo bambo wa pa nyumba ndi apongozi ali ndi mankhwala m'manja mwawo amene chipatala chilibe. Akapuma, chimene chimtsitsimutsa si ntchito ina ayi, koma kuyenda ndi anzake kupita ku kwaya, kuimba, kuponda sitepe, kuseka.

Koma pali gulu lina limene likula chaka ndi chaka, ndilo achinyamata a m'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu, amene analemba mayeso a Fomu 4 nakhala pakhomo kuyembekezera ntchito yosabwera. Mnyamata wotere agona mochedwa ali ndi foni m'manja, adzuka dzuŵa litakwera, ndipo tsiku lonse mwina sayenda kupitirira pa golosale. Makolo aona ulesi. Nthaŵi zina ndi ulesi ndithu. Koma ngati mwana amene anali wansangala waleka mpira, waleka kwaya, waleka kusamba, nayamba kukwiya ndi zazing'ono, tifunse kaŵiri tisanamtche dzina. Malipoti a apolisi aonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo mwamuna wa kwathu anaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti salira. Amene sangakhale pansi kukuuzani za mumtima mwake, kaŵirikaŵiri alankhula mukuyenda naye phewa ndi phewa, maso onse ali kutsogolo.

Poyamba musamuikire mtolo waukulu. A mafizo ayamba ndi chimene wodwala angathe lero, ngakhale chikhale mphindi 5 kapena 10, ndipo aonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Nthaŵi yabwino ndi m'maŵa, pakuti kuŵala kwa dzuŵa la m'maŵa kukonza nthaŵi ya tulo ya usiku wotsatira. Liŵiro loyenera ndi limene munthu apuma mofulumirako koma akhozabe kulankhula. Pakhale tsiku ndi ola lodziŵika, ndi munthu mmodzi wodziŵika wobwera kudzamtenga. Ndipo musayembekezere kuti chilakolako chibwere kaye, chifukwa m'matenda aŵa chilakolako chibwera pambuyo pa kuchita, osati patsogolo pake. Tsiku limene wakana, musakangane naye. Mukhale naye pakhonde padzuŵa, mubwerenso maŵa. Kusintha kuoneka patapita masabata angapo, ndipo kaŵirikaŵiri a pabanja akuona msanga kuposa mwini wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa wodwala nkhaŵa, chida chachikulu ndi mpweya. Munthu wamkulu akakhala phee apuma kokwana 12 kufikira 20 pa mphindi imodzi. Mantha akamgwira apuma mofulumira ndi chifuwa chokha, nataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa muyeso. Zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndi kumangika pachifuwa. Iye aganiza kuti akufa, mantha achuluka, ndipo apuma mofulumira koposa. Njira yake ndi iyi. Akhale pansi kapena agone chagada, dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno mofatsa akuŵerenga kufikira 4, kuti dzanja la pamimba likwere koma la pachifuwa likhale pafupifupi chete. Kenaka autulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa akuŵerenga kufikira 6, monga munthu wouzira phala la mwana. Kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka, chifukwa potulutsa mpweya ndi pamene mtsempha wautali wochokera ku ubongo kutsikira ku mtima ndi m'mimba uchepetsa kugunda kwa mtima. Achite zimenezi mphindi 5 m'maŵa ndi madzulo pamene ali bwino, kuti tsiku la mantha thupi likhale litazoloŵera kale. Komabe munthu amene wamva kuŵaŵa pachifuwa koyamba ayambe wayezedwa ku chipatala, tisanagamule tokha kuti ndi nkhaŵa.

Njira ina inachokera kwa dokotala Edmund Jacobson wa ku Chicago, amene anailemba m'buku m'chaka cha 1929. Iye anaona kuti anthu ambiri sadziŵa n'komwe kuti minofu yawo njoumika, popeza akhala choncho zaka zambiri. Tsono anawaphunzitsa kuumitsa dala chiŵalo chimodzi, kenaka kuchimasula, kuti amve kusiyana kwake. Masiku ano aiphunzitsa mwachidule motere: fumbatani chibakera mwamphamvu muŵerenge kufikira 5, mumasule ndi kumvetsera mmene dzanja lilemerera ndi kufunda. Mutero ndi mikono, mapeŵa, nsagwada, mimba, ntchafu, kufikira zala za kumapazi. Ambiri osoŵa tulo agona asanafike kumapazi. Ndipo tisaiŵale nzeru ya agogo athu, ya kuthoŵa ndi madzi ofunda ndi kusisita msana ndi mapeŵa. Sizichotsa gwero la matenda, koma zifeŵetsa thupi kwa kanthaŵi, ndiponso ziuza wodwalayo popanda mawu kuti sanyansidwa naye. Pokhapo tichenjere. Munthu amene anamenyedwa kapena kugwiriridwa akhoza kuchita mantha aakulu akakhudzidwa mwadzidzidzi. Mumfunse kaye, ndipo akakana mumvere. Womsisita akhale wa pabanja amene mwini wake wamsankha.

Ena adzafunsa za yoga, popeza taitchula. Inachokera ku India ndipo mizu yake ili m'chipembedzo cha kumeneko. Chimene a chipatala atengako ndi kuongola ziŵalo ndi kupuma mofatsa. Mkhristu amene chikumbumtima chake chimletsa sataya kanthu, pakuti zomwezo azipeza m'njira zimene tafotokozazi. Ndipo ife tili ndi chuma chathu chimene sitichiŵerengera. Woimba nyimbo ya m'buku akoka mpweya msanga nautulutsa pang'onopang'ono kufikira mzere utatha, ndiko kupuma komwe kuja a mafizo aphunzitsa. Mu kwaya muli kuyenda popita ku malo ophunzirira, kuimirira, kuponda pamodzi, ndi anzako okufunsa ukajomba. Atsogoleri a makwaya, munthu amene wasiya kubwera musangomfafaniza m'kaundula. Tumani aŵiri akamtenge.

Tsono tinene za matenda aakulu aja amene anthu awatcha misala, pamene munthu amva mawu amene ena sakuwamva, kapena akhulupirira zinthu zimene kulibe. Apa tinenetse: kuyenda ndi kupuma sikuchiza matenda ameneŵa. Afunika mankhwala a ku chipatala, ndipo kaŵirikaŵiri kwa nthaŵi yaitali. Koma mbiri ya matendaŵa itiphunzitsa kanthu za thupi. Kwa zaka mazanamazana anthu otere anali kumangidwa maunyolo, ku Ulaya ndi kuno komwe. M'chaka cha 1796 William Tuke, Mkhristu wa mpingo wa Quaker, anatsegula nyumba ya odwala misala ku York ku England kumene kunalibe maunyolo. Odwala anali kudya bwino, kuyenda m'minda ya maluŵa, kusamala ziŵeto ndi kugwira ntchito za manja, ndipo ambiri amene anayesedwa zilombo anakhala bata. Kuno kwathu malo oyamba osungirako odwala misala anatsegulidwa m'chaka cha 1910 monga mbali ya ndende ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinadza mu 1953. Chaka chotsatira, mu 1954, dokotala wa ku Nigeria Thomas Adeoye Lambo anayamba njira yatsopano ku Aro pafupi ndi Abeokuta. Odwala sanali kutsekeredwa. Anali kugona m'midzi yozungulira chipatala, aliyense ndi mbale wake, kulandira chithandizo masana ndi kukhala pakati pa anthu monga mwa masiku onse.

Chimene Tuke ndi Lambo anaona n'chimene mabanja athu ayenera kuchiona mbale akabwerako ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu. Ambiri amlandira ndi mantha, namkhazika pakhonde osampatsa chochita chilichonse, ngati mlendo wosachoka. Mankhwala ena, monga chlorpromazine ndi haloperidol, aumitsa minofu, anjenjemeretsa manja ndi kuchititsa munthu kuyenda mokwekwereza mapazi. Ena anenepetsa. Anthu akaona zimenezi ati matenda akula, ndipo wodwala mwini, pochita manyazi, aleka mankhwala mobisa nadwalanso. Kuuma kumeneku kukanenedwe kwa a chipatala, pakuti akhoza kusintha muyeso kapena kupereka mankhwala ena okuchepetsa. Ndipo pakhomo munthuyo ayende tsiku ndi tsiku, aongole manja ndi miyendo, apatsidwe ntchito yakeyake imene ena aidalira, monga kuthirira dimba, kudyetsa mbuzi kapena kuluka mphasa. Bungwe la WHO linena kuti odwala matenda aakulu a maganizo amwalira msanga ndi zaka 10 kufikira 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chowapha kaŵirikaŵiri ndi matenda a thupi, monga a mtima ndi a shuga. Wakumwa chlorpromazine apsa msanga ndi dzuŵa ndipo achita chizungulire akadzuka mofulumira, chotero avale chipeŵa, amwe madzi ambiri, ndipo agwire ntchito yake m'maŵa kapena madzulo. Kumanga munthu ndi chingwe pa mtengo, ngakhale pa malo otchedwa a mapemphero, si chithandizo. Ngati wavuta kotero kuti angadzipweteke kapena kupweteka ena, malo ake ndi ku chipatala tsiku lomwelo.

Pali nthaŵi zina zimene kuyenda sikuli yankho. Munthu amene wasiya kugona kwa masiku angapo koma osatopa, akulankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama, safunika maseŵera. Afunika dokotala. Amene wanena za kufuna kufa, ngakhale moseka, asasiyidwe yekha. Mumfunse mosabisa, pakuti kufunsa sikuika ganizolo mwa munthu. Muchotse m'nyumba zinthu zimene angadzipweteke nazo, ndipo mupite naye ku chipatala cha boma kapena cha mishoni chimene chili pafupi, mukafunse wa matenda a maganizo. Wodwala mtima, wa kuthamanga kwa magazi kapena wa shuga, ndi mayi woyembekezera, ayambe wafunsa a chipatala asanayambe zolimba. Ndipo palibe mkulu wa mpingo, mlaliki kapena mbusa amene ali ndi ulamuliro wouza munthu kuti aleke mankhwala ake.

Pokhala aphunzitsi, tili ndi mawu aŵiri kwa anzathu a pa sukulu ndi kwa makolo. Loyamba ndi la chibalo. Mwana amene nthaŵi zonse athamangitsidwa kuzungulira bwalo kapena kukumbitsidwa dzenje chifukwa cholakwa aphunzira kuti thukuta ndi chilango, ndipo akadzakula sadzaliona ngati mankhwala. Lachiŵiri ndi la Sitandade 8. Mayeso akayandikira, chinthu choyamba kuchotsedwa ndi nthaŵi ya maseŵera, ndipo ana akhala pa benchi kuyambira m'maŵa kufikira madzulo, pa nthaŵi yeniyeni imene nkhaŵa yawo yafika pachimake. Mwana amene wathamanga theka la ola agwira masamu bwino kuposa amene wakhala chikhalire. Makolo a ana aakazi aganizirenso. Mnyamata akaŵeruka apita ku mpira, mtsikana apita ku mtondo ndi ku mjigo. Ntchito azigwira ndithu, koma ola limodzi la netibolo pa bwalo la tchalitchi, pamaso pa amayi a Chigwirizano, silidzagwetsa nyumba.

Kwa akulu a mpingo anzathu ndi onse oyendera odwala, pali mwambo wathu umodzi umene tingaugwiritse ntchito kuyambira sabata lino, ndiwo wa kuperekeza mlendo. Munthu wokhumudwa mukamuuza kuti adzichita maseŵera olimbitsa thupi adzavomera ndi pakamwa pokha. Koma mkulu akamaliza pemphero, natenga chipeŵa chake, nanena kuti "Achimwene, tandiperekezani pang'ono, mundigwirireko Baibuloli," ndi ochepa amene angakane. Tsiku loyamba mukafike pa msewu pokha, ndipo musamfunse mafunso ambiri. Posiyana mumuuze tsiku ndi ola limene mudzabwerenso, ndipo mulisunge. Ulendo wachiŵiri mukafike pa mjigo. Wachitatu mudzere njira ya ku dimba, mukaone ngati mpiru wamera, ndipo mupemphe mmodzi wa pa banjapo kuti atsagane nanu, kuti pobwerera wodwalayo asayende yekha.